Ng'ombe Ikaleka Kugeya: Malangizo pa Kufufuma Mimba kwa Ziweto

Abusa aang'ono amaseka akamva ng'ombe ikuphwisa, ndipo ngakhale akuluakulu ambiri amaganiza kuti mpweya wa m'mimba mwa chiweto umatulukira kumchira. Zoona zake n'zakuti ng'ombe, mbuzi ndi nkhosa zimatulutsa pafupifupi mpweya wonsewo kukamwa, pogeya mwakachetechete pafupifupi mphindi iliyonse. Mlimi wa ku Chongwe, ku Kafue kapena wa m'mapuloti a ku Makeni ayenera kumvetsa zimenezi mvula ya mu Novembala isanagwe, chifukwa tsiku limene kugeyako kwaima, chiweto chikhoza kufa m'maola ochepa chabe.

Mimba ya ng'ombe ili ndi zigawo zinayi, ndipo chachikulu ndi chifu, chimene chimakhala kumanzere ndipo m'ng'ombe yaikulu chimasunga malita oposa 100. M'chifumo muli tizilombo tosaoneka ndi maso timene timasasitsa udzu monga momwe chimera chimasasitsira thobwa, ndipo pa ntchito imeneyi ng'ombe imene yadya bwino imapanga malita 30 mpaka 50 a mpweya pa ola limodzi, wambiri mwa iwo ndi mipweya yotchedwa carbon dioxide ndi methane. Bulu ndi hatchi n'zosiyana, pakuti udzu umasasa m'matumbo akumapeto, motero mpweya wawo umatulukiradi kumbuyo, ndipo ukatsekeredwa bulu amagubuduzika pansi ndi ululu. 

Kufufuma mimba kuli mitundu iwiri, ndipo kusiyanitsa kwake ndiko kumatsogolera chithandizo. Mtundu woyamba ndi wa thovu. Chiweto chanjala chikalowa mu msipu wanthete wonyowa ndi mame, makamaka wa mbewu za m'gulu la nyemba monga khobwe, soya kapena lucerne amene alimi ena a mkaka amabzala, mpweya sukwera pamwamba pa chakudya koma umasakanikirana nacho n'kupanga thovu longa la sopo. Thovulo limaphimba khomo la kholingo, ng'ombe n'kulephera kugeya ngakhale njira ili yotseguka. Zimachitikanso chiweto chikathyola nkhokwe n'kudya chimanga chambiri, kapena chikapatsidwa gaga kapena masese ochuluka mwadzidzidzi. Pano pa Lusaka ndikuda nkhawa kwambiri ndi alimi amene amatenga masamba a kabichi otsala kumsika monga wa Soweto n'kukhuthulira mbuzi zimene zagona ndi njala, poganiza kuti apeza chakudya chaulere.

Mtundu wachiwiri umabwera njira ikatsekeka. Mango, mbatata kapena chitsononkho zikakhala pakhosi, mpweya umadzadza pamwamba pa chifu popanda potulukira, ndipo n'chifukwa chake nyengo ya mango ng'ombe zisamasiyidwe pansi pa mitengo. Mapulasitiki amene ziweto za m'mphepete mwa makomboni zimameza nawo amaunjikana m'chifu, chiweto n'kumafufuma mobwerezabwereza kwinaku chikuwonda.

Zizindikiro sizibisika kwa munthu amene amayang'ana ziweto zake. Imani kumbuyo kwa ng'ombe ndipo muone mbali ya kumanzere, pa kadzenje kamene kali pakati pa nthiti yomaliza ndi fupa la m'chiuno. Kadzenjeko kakadzadza n'kutukumuka, ndipo mukamenyapo ndi zala pakulira ngati ng'oma, vuto layamba. Chiwetocho chimaleka kudya ndi kubzikula, chimadziponda pamimba, chimagona n'kudzukanso, kenaka chimatambasula khosi, kutulutsa lilime ndi kupuma ndi kukamwa, chifukwa chifu chotupacho chikupanikiza mapapo.

Mukaona zimenezi, chotsani gulu lonse pa msipuwo nthawi yomweyo, ndipo tumani munthu aimbire mlangizi wa ziweto wa m'dera lanu pamene inu mukuyamba chithandizo. Imikani chiwetocho pamalo pamene miyendo yakutsogolo ili pamwamba kuposa yakumbuyo, monga m'mbali mwa chulu, ndipo musachilole kugona. Ngati mukuganiza kuti ndi thovu, chimwetseni mafuta ophikira, amene ambiri timangoti saladi: ng'ombe yaikulu mamililita 250 mpaka 500, mbuzi kapena nkhosa mamililita 50 mpaka 100. Mafutawo amaswa thovu kuti mpweya ukwere. Kamwetsedwe kake n'kofunika kuposa mmene ambiri amaganizira. Lowetsani botolo m'mbali mwa kamwa, thirani pang'onopang'ono kuti chiweto chizimeza chokha, musakoke lilime ndipo musakwezetse mutu, pakuti mafuta akalowa m'mapapo amayambitsa chibayo chimene chimapha ng'ombe imene inapulumuka kufufuma. Palafini wa nyale ndi oilo wa galimoto, zimene anthu ena amalangizana, ndi poizoni ndipo musayerekeze n'komwe. Kamtengo kosalala komangidwa mopingasa m'kamwa kamachititsa chiweto kutafuna ndi kutulutsa malovu, amene nawonso amachepetsa thovu, ndipo kuchiyendetsa pang'onopang'ono kumathandiza.

Koma ngati malovu akungochucha ndipo chiweto chikulephera kumeza, mwina chatsamwidwa, ndiye musachimwetse kalikonse. Papasani khosi kumanzere, ndipo chotsekacho chikamveka, yesani kuchikankhira kukamwa mofatsa. Kusokosa ndi ndodo kumang'amba kholingo. Kulowetsa paipi m'mimba kapena kuboola pa kadzenje ka kumanzere ndi chitsulo chotchedwa trocar ndi ntchito ya munthu wophunzitsidwa, ndipo ndimalimbikitsa magulu a alimi kupempha mlangizi awaonetse ziweto zisanadwale, chifukwa kuboola kumanja kapena ndi mpeni wakuda kumasiya bala limene limaola m'kati.

Kupewa n'kotsika mtengo ndipo kumangofuna chizolowezi. M'mawa ziweto zisanatuluke, zipatseni udzu wouma kapena mapesi kuti zisapite kumsipu m'mimba muli pululu, ndipo dikirani mame aume. Pa msipu watsopano ziyambe ndi nthawi yochepa, n'kumaonjezera tsiku ndi tsiku, pakuti tizilombo ta m'chifu timafuna pafupifupi masabata awiri kuti tizolowere chakudya chachilendo. Gaga ndi masese nazonso zionjezedwe mwa njira yomweyo. Apa m'pamene mapesi amene ambiri amatentha mu Ogasiti amasowedwa.

Mukapeza ng'ombe itafa kale m'khola ili yotupa, musafulumire kunena kuti ndi kufufuma, chifukwa nyama iliyonse yakufa imatupa. Matenda a anthrax, amene anavutitsa dziko lino mu 2023 makamaka ku Sinazongwe, amaphanso mwadzidzidzi, mtembo n'kutupa msanga, ndipo nthawi zambiri magazi akuda osaundana amatuluka m'mphuno, m'kamwa ndi kumchira. Nyama yotere musaisende, musaidye ndipo musaigulitse. Itchingireni kuti agalu asafikepo, ndipo dziwitsani ofesi ya zaziweto ya m'boma lanu, imene ingatumize magazi kukapimidwa ku Central Veterinary Research Institute, malo a boma ofufuzirako matenda a ziweto ku Balmoral.