Musanagule pram yothamangira ndi mwana kuno ku Joni

Makolo anzanga amene mukufuna kumapita ku parkrun (kuthamanga limodzi makilomita 5 m'paki) Loweruka m'mawa mwana ali m'pram, yambani ndi matayala. Pram ya timatayala ta pulasitiki ija ndi yoyendera mu mall basi. Yothamangira imakhala ndi matayala atatu opopa, akumbuyo aakulu, nthawi zambiri a mainchesi 16. Lakutsogolo likhale lotheka kulikhoma kuti lisamatembenuke. Mukathamanga lili lomasuka limanjenjemera, ndipo kamwala kamodzi kakhoza kupotoza pram yonse.

Ku Delta Park, komwe parkrun ya mu South Africa inayambira mu 2011, kuli zitunda. Potsetsereka pram imakukokani, ndiye sankhani ya buleki ya pachogwirira ndi kachingwe komanga padzanja lanu. Malamba agwire mwana m'mapewa, m'chiuno ndi pakati pa miyendo.

Mu udzu wa kuno muli timinga toboola matayala, musasiye pampu ya njinga ndi chubu chapadera. Dzuwa nalo si lamasewera, mzindawu uli pamtunda wa mamita oposa 1,700, choncho denga la pram likhale lofika patali.

Pram yatsopano njodula zedi, ine ndimati yang'anani yakaunjika pa Facebook Marketplace. Koma mukaipeza ikankheni yopanda mwana muone ngati ikuyenda molunjika, kenako ipindeni muyese ngati ikulowa m'buti ya galimoto.

Mwana asanakwane miyezi 6 khosi limakhala lisanalimbe, musathamange naye. Ngakhale atakwana, funsani kaye kusikelo.