Mkono wavulala? Yang'anani zala musanayambe kuthowa

Mwana akagwa mumtengo wa mapichesi, kapena munthu akagwa pa kabaza ku Lizulu, ambirife timangoyang'ana pomwe patupa n'kuteleka madzi othowera. Koma zomwe zawonongeka m'kati mwa mkono zimaonekera kuzala.

Yambani ndi magazi. Mtsempha waukulu, womwe achipatala amautcha brachial, umatsika kuchokera m'khwapa, ndipo ukangodutsa pachigongono umagawikana pawiri. Ikani zala ziwiri pomwe timavalira wotchi, cha kuchikhatho, mbali ya chala chachikulu, mumva kugunda kwa nthambi imodzi ya mtsemphawu. Chala chanu chachikulu musagwiritse ntchito, nacho chimagunda, chingakunamizeni. Kwa wamkulu amene wapuma, kugundako kumakhala ka 60 mpaka 100 pa mphindi.

Kenako dinani chikhadabo chake mpaka chiyere, n'kusiya. Kufiira kubwerere m'masekondi 2. Kuno ku Dedza tichenjere: m'mawa wa mu June zala zozizidwa zimachedwa kufiira ngakhale kwa munthu wabwinobwino, ndiye yerekezani ndi dzanja linalo.

Mitsempha yomwe imayendetsa zala ndi kuzipatsa kumva ilipo itatu, ndipo uliwonse uli ndi mayeso ake. Muuzeni aimike chala chachikulu ngati akuti zili bho, akwezenso dzanja lokha polipinda pomwe timavalira wotchi. Umenewo ndi radial. Umazungulira kuseri kwa fupa la pakati pa phewa ndi chigongono, n'chifukwa chake fupalo likathyoka dzanja nthawi zina limangoti lende.

Wachiwiri ndi median. Akumanitse nsonga ya chala chachikulu ndi ya mkombaphala, pakati patsale kabowo kozungulira. Akamalephera kupinda nsongazo, zalazo n'kumangophwatalala ngati akutsina mchere, pali vuto. Kwa mwana amene watupa chigongono, mayeso amenewa musawadumphe.

Wachitatu, ulnar, tonse timaudziwa: ndi uja umathethetsa mpaka kukachala kakang'ono ukagunditsa chigongono pachitseko. Atambasule zala zonse zitalikirane. Pomaliza atsinzine, inu mumukhudze nsonga ya mkombaphala, ya kachala kakang'ono, ndi kuseri kwa dzanja pakati pa chala chachikulu ndi mkombaphala. Anene yekha pomwe mwakhudza.

Akalephera chimodzi mwa izi, kapena zala zachita dzanzi, zazizira, zatuwa, mum'vule mphete ndi zibangili dzanja lisanatupe, mukoleke mkonowo pachitenje, ulendo wa kuchipatala cha boma ku Dedza kapena ku Ntcheu tsiku lomwelo. Zomanga ndi mphira zija ayi ndithu. Minofu ya pakati pa chigongono ndi dzanja ili m'timatumba tosatamuka. Ikatupa n'kufinyikanso, magazi amaleka kufika ndipo imayamba kufa m'maola ochepa.

Akamuika chikhakha, bwerezani mayesowa kunyumba, usiku womwe. Ngati ululu ukungokulirakulira, makamaka mukamamuwongola zala, bwererani naye osadikira tsiku lomwe anakulemberani.