Msampha wachikasu wogwirira tizilombo m'dimba

Maso a munthu amasiyanitsa mitundu potengera kuwala kutatu: kofiira, kobiriwira ngati tsamba, ndi kwa buluu. Tizilombo touluka tambiri timadaliranso kutatu, koma m'malo mwa kofiira timaona kuwala kwa UV kumene ife sitikuona. N'chifukwa chake njuchi imaona chinthu chofiira ngati chakuda. Nsabwe za m'masamba zamapiko zikamafuna potera zimatsata chinthu chobweza kuwala kobiriwira kwambiri koma buluu wochepa, ndipo chikasu chimachita zimenezi kuposa tsamba lenilenilo. Tintchentche toyera, timene timafalitsa matenda opiringiza masamba a tomato, nato timathamangira chikasu chomwecho. Apa ndi pamene mlimi angatikolere.

Pezani chigubu chachikasu cha mafuta ophikira, cha malita 20. Chitsukeni ndi sopo, chiume, kenaka dulani zidutswa za masentimita 20 m'lifupi ndi 25 m'litali. Boolani mabowo awiri kumtunda, mumangirire pakamtengo ndi waya kuti chisamapeperuke. Pakani Vaseline kapena mafuta a nsatsi mbali zonse ziwiri, mopyapyala ndithu, moti chikasucho chizioneka bwinobwino.

Ambiri amalakwitsa pamenepa popaka oilo wakale wa galimoto. Oiloyo amamata inde, koma amadetsa pulasitiki, ndipo chikasu chikabisika msampha wafa. Chigubu chimene chakhalitsa padzuwa mpaka kutuwa, kapena chopendekera kofiira ngati lalanje lakupsa, chimagwira tochepa. Sankhani chachikasu chowala ngati ndimu yakupsa.

Imikani msamphawo chilili, m'munsi mwake mukhale masentimita 10 mpaka 15 pamwamba pa nsonga za mbewu, ndipo muziukweza mbewu zikamakula. Mukauika m'mwamba kwambiri, tintchentche toyera sitifikako chifukwa timauluka chapansi. Ngati cholinga ndi kungodziwa kuti tizilombo tafika, umodzi ukwana pamalo a mamita 10 mbali zonse. Panazale ikani iwiri pabedi lililonse, mbande zikangomera, chifukwa tomato wogwidwa ndi matenda akadali wamng'ono sabereka zolozeka.

Kawiri pasabata pitani mukaone. Werengani togwidwato, mulembe, mupale ndi kamtengo n'kupakanso. Chiwerengero chikamakwera sabata ndi sabata, tembenuzani masamba muone kunsi kwake. Kumeneko n'kumene kumakhala mazira, ana a tintchentche ndi nsabwe zopanda mapiko, zomwe msampha sungazigwire chifukwa siziuluka. M'mwezi wa Okutobala Vaseline amasungunuka n'kuyenderera pansi, fumbi nalo limaphimba mafuta, choncho pakani pafupipafupi.

Mathiripisi a m'maluwa, tizilombo ting'onoting'ono toonda timene timayamwa madzi a m'maluwa ndi m'masamba, amakopeka kwambiri ndi buluu, ndiye pa iwo dulani chigubu cha buluu wowala. Koma njuchi nazo zimaukonda buluu, choncho chotsani misampha yotere pafupi ndi maungu kapena nkhaka zikayamba maluwa. Wachikasunso umapha timavu ting'onoting'ono timene timaikira mazira m'matupi a nsabwe, anzake a mlimi amenewo. Mukaona kuti pamsampha pachuluka timavu ndi tizilombo tina tothandiza kuposa towononga, chepetsani misampha.

Kagulugufe ka Tuta absoluta, kamene mbozi zake zimaboola masamba ndi zipatso za tomato, kamauluka usiku ndipo kamatsata fungo. Chikasu sichithandiza kwenikweni pa iko. Kamafuna msampha wa fungo lokopa tatimuna, umene alangizi ndi ogulitsa zipangizo zaulimi angakuonetseni.