Zikwanje, miuni ndi apolisi: kusankha zida zowakha m'misewu ya ku Joni

Mkati mwa sabata ndimawotcherera mageti ku Booysens, kuno ku Joni. Loweruka ndi Lamlungu ndimanyamula chikwama changa n'kukaponya zinthu m'mwamba kuti anthu aponye kangachepe m'chipewa. Ndinayamba ndi malalanje atatu kuseri kwa nyumba ku Rosettenville, anzanga akundiseka kuti bambo wandevu akusewera phada. Lero anyamata akwathu akandiona funso lawo n'limodzi: "Achimwene, zikwanje zimenezi munagula kuti?" Za malalanje palibe amafunsa.

Musanakhudze chitsulo kapena moto, pezani zibonga zitatu zapulasitiki, zija owakha amati makilabu. Mpeni ndi muuni zimatembenuka m'mwamba chimodzimodzi chibonga, ndipo dzanja liyenera kuzolowera kupeza chigwiriro lokha, maso ali kumwamba. Ine sindibwereka munthu mpeni wanga asanawakhe zibonga ka 100 osagwetsa.

Tsono mipeniyo. Chikwanje cha kumunda chisiyeni kumunda. N'chakuthwa, komanso chimalemera kumutu, moti chikatembenuka chimabwerera ndi mbali imene simunaiitane. Mpeni wowakhira ndi wobuntha dala. M'mphepete mwake anausema mopendekera kuti uzing'anima ngati wonoledwa, koma mutha kuukhwekhweretsa pamkono osachekeka. Pogula, ugonekeni pachala: uzikhazikika chapakati, kufupi ndi pamene chigwiriro chikumana ndi chitsulo. Nsonga ikhale yozungulira. Gwedezani chigwiriro, chikamachita khwekhwe musiyeni, chifukwa tsiku lina chitsulo chidzapita chokha pagulu. Itatu yonse ikhale yofanana kulemera.

Anthu amalipira mantha, ndiye mantha awo muziwaphikira bwino. Ndimawombanitsa mipeni kuti ilire ngwee, kenako ndimadula karoti patsogolo pawo. Karoti amathyoka ngakhale ndi chitsulo chobuntha mukamenya mwamphamvu, koma amayi a kutsogolo amabwerera m'mbuyo atagwira pakamwa. Chikhalirecho chitsulo n'chitsulo. Chikhadabo cha chala changa chachikulu cha kuphazi chinachoka chifukwa tsiku lina ndinayeserera nditavala patapata.

Lamulo limene lidzakukhudzani poyamba ndi Dangerous Weapons Act ya 2013. Limati munthu wopezeka ndi chida choopsa m'njira yokayikitsa kuti akufuna kuchitira zoipa akhoza kulipitsidwa chindapusa kapena kumangidwa mpaka zaka 3. Lamulo lomwelo limapatula amene ali ndi chida chifukwa cha ntchito yovomerezeka, mwambo, masewera kapena zosangalatsa anthu. Ife tili pamenepo, koma wapolisi sangalote kuti ndinu wamasewera. Muyenera kuoneka choncho. Mipeni izikhala m'chikwama chotseka, pamodzi ndi zibonga, mipira ndi chipewa, ndipo m'foni muzikhala vidiyo yanu mukusewera pagulu. Madzulo ena pafupi ndi renki ya matekisi wapolisi anandiimitsa n'kupisa m'chikwama. Atatulutsa mpeni nkhope inasintha. Ndinati, "Bwana, yesani pachikhatho." Anayesa, anaonera vidiyo, mapeto ake anandiuza kuti ndiwakhe pomwepo aone, ndipo anandisiya. Ukanakhala wonoledwa, kapena ndikanakhala nditalawa kabotolo, ndikanagona kwina.

Moto ndiye wovuta zedi, ndipo umabweretsa ndalama zambiri, n'chifukwa chake umakopa. Muuni weniweni uli ndi chingwe cha Kevlar, ulusi wosapsa msanga, kumutu ndi chitsulo chopyapyala chophimba thupi lake kuti lisapse. Wa ndodo ya tsache yokulunga sanza, ngati nsakali zathu zokolera ngumbi, umamasuka uli m'mwamba n'kugwetsa zidutswa zoyaka. Mafuta ake ndi palafini basi. Petulo ayi, ngakhale dontho: nthunzi yake imayaka ngakhale kunja kukuzizira, pomwe palafini amafuna atenthe kufika cha m'ma digiri 38 kuti nthunzi yake igwire moto. Viikani miuni m'chitini chachitsulo, ikutumuleni kutali ndi anthu kuti mafuta otsala achoke, tsekani chitini, kachiikeni patali, kenako muyatse. Zovala zikhale za thonje. Jezi ya mpira ija ikapsa imasungunuka n'kumatirira pakhungu. Pambali pakhale thaulo lonyowa, chozimitsira moto, ndi mnzanu amene ntchito yake n'kuyang'ana inu, osati foni. Nambala ya ambulansi ndi ozimitsa moto ndi 10177, kapena 112 pafoni yam'manja. Zolavula moto pakamwa ine ndinakana: palafini akalowa m'mapapo amayambitsa chibayo choopsa.

Nyengo ya kuno muziiwerenganso. Kuyambira June mpaka August udzu wa m'mapaki umauma gwa, ndipo mphepo ya August imakankha muuni n'kukubwezerani lawi kumaso. Masana lawi silioneka bwino, ndiye moto umafuna chisisira, nthawi yomwe munthu wanzeru ku Joni amakhala akuyang'ana njira ya kwawo.

Moto pamalo a anthu onse umagwera pansi pa malamulo a mzinda, amene amawalondoloza ndi JMPD, apolisi a mzinda aja timangoti mametro, ndipo nkhani za moto zili m'manja mwa Emergency Management Services, nthambi ya mzinda ya ozimitsa moto ndi maambulansi. Njira yosavuta imene ndinapeza n'kusewera pamsika kapena pachochitika chokonzedwa kale, pamene eni ake anakambirana kale ndi mzinda. Auzeni poyera kuti muli ndi moto, ndipo chilolezo chawo chikhale cholemba, ngakhale pa WhatsApp. Dziwaninso kuti malo ambiri ooneka ngati bwalo la aliyense ali ndi mwini. Nelson Mandela Square ku Sandton ndi amodzi mwa iwo: kumeneko mumayamba mwapempha kwa oyang'anira malowo. Pamaloboti pitani ndi mipira kapena zibonga zokha. Woyendetsa galimoto wa kuno akaona munthu akubwera ndi chikwanje amakweza galasi, sayang'ana luso.

Za makina odulira mitengo amene mumaona anthu akuwakha pa YouTube tisataye nthawi. Ndalama yake, phokoso lake, petulo wake, palibe chimene chikukukomerani.

Chotsala n'chimene sitikonda kukamba. Moto umaitana gulu, gulu limaitana apolisi, ndipo akamva kalankhulidwe kathu funso loyamba ndi pasipoti. Mmalawi amalowa muno masiku 30 ngati mlendo, ndipo mlendo saloledwa kugwira ntchito. Ndalama za m'chipewa akhoza kuziona ngati malipiro. Wopitirira masiku ake ololedwa ndi masiku ena oposa 30 amaletsedwa kulowanso zaka 5. Ngati mapepala anu sali bwino, muuni ndi chinthu chomaliza chimene mukufuna kunyamula pamutu panu. Akakulemberani chindapusa chovomera kulakwa, musathamangire kulipira kuti zithe, chifukwa nthawi zina chimasiya dzina lanu m'kaundula wa olakwa. Funsani kaye ku Legal Aid South Africa, bungwe lothandiza anthu pa zamalamulo. Ndipo ndalama ya chiphuphu ija amati "ya kolodiringi" musaitchule n'komwe, wopereka nayenso ndi mlandu.

Chaka chino ndinagula zibonga zoyaka ndi mabatire, zosintha mitundu. Chipewa chimapepuka pang'ono poyerekeza ndi usiku wa moto, osanama. Koma ndimakwera nazo tekisi popanda wondiyang'ana chammbali, ndipo mayi a kunyumba anasiya kudandaula kuti bulangeti likununkha palafini.