Limu ya njinga inatithandiza pa ngodya za circle

Ophunzira anga a Fomu 4 kuno ku Luchenza ankangosokoneza: pofuna kupeza ngodya ya pomwe mizere iwiri yakumana, ma arc awiri (zigawo za mzere wozungulira circle zomwe zili pakati pa mizereyo) tiwaphatikize kapena tichotsere? Ndinabwereka limu yakale kwa wokonza njinga, n'kulemba madigiri ndi choko kuzungulira, kenako tinakoka zingwe ziwiri.

Zingwe zikadutsana m'kati ngati ma chord (mizere yolumikiza malo awiri a palimu), phatikizani ma arc n'kugawa pawiri: 100 ndi 40 zimapereka madigiri 70. Zikakumana kunja, kaya ndi ma secant (mizere yodula limu pawiri) kapena ma tangent (mizere yongokhudza limu pamalo amodzi), chotserani musanagawe, ndiye 100 ndi 40 zimangopereka 30. Mtsikana wina anakokera kutali pokumana zingwepo, n'kudzionera yekha ngodya ikuchepa. Tangent ikakumana ndi chord palimu penipeni, ngodya ndi theka la arc imodzi yomwe ili pakati pawo. Apa sipanavute, protractor inatsimikiza.