Mtengo wa Khirisimasi wodulidwa kumene umafuna madzi

Novembala akamatha, inu amene muli ku Britain mumayamba kuona mitengo yobiriwira itaunjikidwa pamalo ogulitsira mbande ndi maluwa, pakhomo pa masitolo akuluakulu, ngakhale m'mbali mwa msewu. Ana akaumirira kuti chaka chino akufuna mtengo weniweni osati wapulasitiki uja, dziwani ichi musanapise dzanja m'thumba: mtengowo adaudula, mizu idatsala kumunda, koma ukadamwabe madzi. Muziutenga ngati duwa lothyola limene mwaika m'botolo. Mukalephera pa madzi, zina zonse zimene ndinene pano sizikupindulirani kanthu.

Wofala kwambiri masiku ano ndi Nordmann fir, womwe kwawo ndi kumapiri a Caucasus. Masamba ake ndi ofewa, sabaya mwana wokwawa, ndipo sayoyoka msanga. Vuto lake ndi lakuti mtengo wa mtengowu ndi wokwererapo, komanso fungo lake ndi lochepa. Norway spruce ndi wotchipa ndipo amanunkhira nyumba yonse, koma masamba ake amabaya ngati singano ndipo akamva kutentha amathothoka osati masewera. Chimtengo chimene mzinda wa Oslo umapereka ku London chaka ndi chaka kuyambira 1947, chija amachiimika pa Trafalgar Square, ndi cha mtundu umenewu. Chimakhala bwino chifukwa chili panja pozizira. Inu mukaufuna m'nyumba, dikirani mpaka pakati pa Disembala. Amene mukukhala m'kanyumba kothina funsani Fraser fir, ndi wowonda ndipo sadya malo.

Musananyamuke yezani kuchoka pansi kufika kudenga, ndipo muchotsereko malo a choimikira mtengo ndi nyenyezi ya pamwamba. Mtengo umaoneka waung'ono ukakhala panja.

Mukafika, musagule mtengo womangidwa kale mu ukonde. Wogulitsa aumasule kuti muuone bwinobwino. Unyamuleni: wauwisi umalemera chifukwa uli ndi madzi, wopepuka ngati phesi udauma kalekale. Gwirani nthambi imodzi ndi kuikoka pang'onopang'ono kudutsa m'dzanja lanu. Kenako kwezani mtengowo pang'ono ndi kugunditsa tsinde lake pansi. Masamba ofiirira ochokera m'kati akagwa, musadandaule, ndi akale. Koma obiriwira akayoyoka ambiri, usiyeni ngakhale akutsitsireni mtengo. Funsaninso kuti adaudula liti. Ngati pali munda wa mitengoyi pafupi umene amadula inu mukuona, pitani kumeneko. Mtengo wotalika mamita 1.8 umakhala utakula zaka 8 mpaka 10 pamundapo, choncho si chinthu choti chiume m'sabata imodzi chifukwa cha ulesi.

Ntchito yeniyeni ili apa. Mtengo ukadulidwa, utomoni umatuluka ndi kutseka pabalapo m'maola ochepa, ndipo pakatsekeka madzi salowanso. Ndiye mukafika kunyumba tengani sowo mudule kachidutswa ka masentimita 2 kapena 3 kunsi kwa tsinde, mowongoka, osati mopendeka kapena mosongola ngati chikhomo. Nthawi yomweyo uikeni m'madzi. Ngati simuulowetsa tsiku lomwelo, uimikeni mu ndowa ya madzi panja pamthunzi, posawomba mphepo.

Tsinde likakana kulowa m'choimikira, ambiri amatenga mpeni n'kuyamba kusenda khungwa. Musatero. Madzi amakwera kudzera m'mbali ya thunthu yoyandikana ndi khungwalo, ndiye mukasema pamenepo mwautseka pakhosi. Pezani choimikira chachikulu. Kuboola dzenje pakati pa tsinde nakonso sikuthandiza.

Choimikiracho chikhale chosunga madzi ambiri. Alimi a mitengoyi amawerengera pafupifupi lita imodzi patsiku pa masentimita 2.5 alionse a kunenepa kwa tsinde, kutanthauza kuti tsinde la masentimita 7.5 likhoza kumwa malita atatu, makamaka masiku oyambirira. Pisani chala m'mawa ndi madzulo. Si nkhani yongoona kuti madzi alimo, koma kuti kunsi kwa tsinde kwamira. Zoimikira zina zimasiya tsinde m'mwamba pang'ono, moti madzi amaoneka pansi pomwe mtengo sukuwafikira.

Ine zimenezi zidandionekera. Chaka china ndidachoka masiku awiri kukacheza kwa achibale, ndisadadzaze madzi. Pobwera ndidapeza choimikira chili gwa. Ndidathiramo madzi, koma m'mawa mwake adali pomwe ndidawasiya, osatsika ngakhale pang'ono. Utomoni udali utatseka kale. Pofika pa 25 nthambi zidali zitawerama, tizokongoletsa tikugwa tokha, ndipo masamba ndidakhala ndikuwatola mu kapeti mpaka Malichi. Zikakuchitikirani, njira ndi imodzi basi: kuchotsa zokongoletsa zonse, kugoneka mtengo ndi kudulanso tsinde.

Mudzamva ena akuti thiranimo shuga, aspirin kapena zakumwa zoziziritsa kukhosi. Madzi a pampopi ndi okwanira, shugayo musungire tiyi.

Mdani wina ndi kutentha. Musauimike pafupi ndi radiator (chitsulo chotenthetsa m'nyumba), mbaula kapena pamalo osonkhapo moto, ndipo ngati radiator ya m'chipindamo ingathe kutsitsidwa, itsitseni. Nyale zake zikhale za LED poti sizitentha kwenikweni. Onani kuti nthambo zake sizidasupuke, ndipo muzizimitsa pogona ndi pochoka pakhomo. Makandulo oyatsa moto asayandikire n'komwe. Mtengo wouma wodzaza utomoni ukagwira moto umayaka ngati tchire la mu Okutobala, chipinda chonse n'kudzaza utsi m'kanthawi kochepa.

Wosamalidwa bwino umatha pafupifupi milungu inayi. Ambiri ku Britain amautsitsa pa 5 kapena 6 Januwale, koma ukasiya kumwa madzi ndipo masamba akuthyoka mukawakhudza, utulutseni ngakhale tsikulo lisadakwane. Makhonsolo ambiri amatolera mitengoyi kapena amatchula malo okaisiya, n'kuigaya kukhala zinyalala zophimbira nthaka. Onani tsiku la dera lanu, ndipo muchotse nyale ndi mawaya onse. Musauponye m'mbaula ya m'nyumba, utomoni wake umathetheka ndi kudetsa chumuni.

Kwa inu muli kumudzi amene mumakongoletsa tchalitchi kapena nyumba ndi nthambi ya paini, malangizo a madzi ndi omwewa, koma kutentha kwa Disembala wa kwathu kumaumitsa msanga, choncho dulani kutatsala masiku awiri kapena atatu, muimike m'chidebe cha madzi mutatsamiza ndi miyala. Dulani pa mtengo wanu kapena pemphani kwa eni nkhalango. Mkungudza wa m'phiri la Mulanje wokha musaukhudze, watsala pang'ono kutheratu ndipo ndi wotetezedwa ndi lamulo.