Kujambula mbalame ndi apusi mu Blantyre

Mukafuna kujambula mbalame kuphiri la Michiru kapena m'mbali mwa mtsinje wa Mudi, lawirirani. Ikamakwana 9 koloko dzuwa limakhala litaswa mtengo, mbalame zabisala m'masamba. Dzuwalo likhale kumbuyo kwanu. Shutter speed (liwiro limene kamera imatsekulira ndi kutseka pojambula) isachedwe kuposa 1/1000 ya sekondi, apo ayi mapiko a pumbwa amangooneka mbuu. Kuwala kukachepa, kwezani ISO (mphamvu ya kamera yokoka kuwala) mpaka 1600, shutter musaikhudze.

Khwangwala ndiye amavuta: nthenga zoyera za pachifuwa zimawala mopitirira mpaka osaonekanso, choncho tsitsani exposure (kuchuluka kwa kuwala pachithunzi) kufika -0.7. Koma mbalame ikatera panthambi kumbuyo kwake kuli thambo lowala, kwezani kufika +1, chifukwa kamera imaidetsa. Focus (malo amene aoneke bwino kwambiri pachithunzi) ikhale padiso la mbalame.

Apusi musawanyengerere ndi nthochi, amazolowera kulanda. Nyengo ya chiperoni lens (galasi la kamera) iumitseni musanaitsekere m'chikwama, chinyezi chimameretsa nkhungu mkati.